Msonkhano wa ESIA wa msewu waukulu: tikalankhule zotani kuti zimveke?

Nabanda: Akuluakulu, a VDC alengeza kuti kubwera akatswiri a zachilengedwe kudzamva maganizo athu ntchito yokulitsa msewu wodutsa kwathu isanayambe. Kodi zolankhula pamenepo zimafika kwinakwake, kapena ndi mwambo chabe?

Bambo a Chikondi: Zimafika, mayi, zikalembedwa. Lamulo la Environment Management Act la 2017 limafuna kuti mwini ntchito, amene pa misewu ngati M1 amakhala Roads Authority, ayambe wapereka chikalata chofotokoza ntchitoyo ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe. Ikakhala yaikulu pamachitika ESIA, kafukufuku woona momwe ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo madandaulo anu amayenera kulowa mu lipotilo komanso mu ESMP, ndondomeko imene kontrakitala amatsatira. Chilolezo chisanatuluke, makina sayenera kugwira nthaka. Mitengo ya m'mbali mwa Kenyatta Drive ku Lilongwe itagwetsedwa mu 2021 anthu analira kwambiri, koma inali kale pansi. Nthawi yolankhula ndi inoyi.

Wa ku Jenda: Musakangonena kuti "fumbi lidzativuta". Tchulani malo enieni: manda ali pati, mjigo uli pati, ana a sukulu amawolokera pati. Koposa zonse, atengeni muwaonetse pomwe madzi amadutsa mu Januwale. Akatswiriwa nthawi zambiri amayendera m'chilimwe, khwawa lili gwa. Kalabati ikachepa kapena ikaikidwa polakwika, madzi onse a mumsewu amathira m'munda wa munthu mmodzi n'kukumba chigwembe chosakwiririka. Funsaninso komwe adzakumbe dothi ndi miyala, ndiponso amene adzakwirire maenjewo, chifukwa akasiyidwa amadzaza madzi, udzudzu umaswana, ana amamiramo. Minitsi iwerengedwe pamaso pa onse musanabalalike, mfumu isunge kope lake.

Nachisale: Kuwonjezerapo za chipukuta misozi, poti mikangano yambiri imabukira apa. Pa msewu waukulu malire ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati. Funsani tsiku lotsekera kalembera wa katundu, pakuti chomangidwa tsikulo litadutsa sichilipiridwa. Owerengetsa katundu akafika, mwini malo akhalepo yekha, mango ndi nthochi ziwerengedwe mtengo uliwonse, ndipo asasayine pepala lomwe sanaliwerenge. Amayi amasiye ndi ochita lendi maokala amaiwalika kawirikawiri, choncho mayina awo alembedwe. Mukasankhenso komiti yolandira madandaulo tsiku lomwelo, ndipo mudziwe amene ikamuone ku ofesi ya DC.