Woyembekezera amene Bactrim amamuwenga, amwe Fansidar wa kusikelo?

Nachisale: Akuluakulu, thandizeni nzeru. Mng'ono wanga ali ndi pakati pa miyezi inayi ndipo sabata yamawa akukayamba sikelo. Zaka ziwiri zapitazo atamwa Bactrim anatupa milomo ndi zikope, thupi lonse n'kutuluka ziwengo. Ndamva kuti kusikelo amamwetsa Fansidar pompo, namwino akuona. Kodi amwe? Nanga zitamuyambanso ali kunyumba, tingatani?

Mzamba Nabanda: Asamwe, achemwali. Bactrim ndi Fansidar ndi pachibale, onse ndi a gulu la sulfa. Mu Bactrim muli sulfamethoxazole, mu Fansidar muli sulfadoxine. Choipa n'chakuti sulfadoxine amakhalitsa m'magazi kwa masabata, ndiye akamuwenga vuto silitha msanga.

Fansidar timapereka mapiritsi atatu nthawi imodzi, kuyambira masabata 13, motalikana mwezi, pofuna kuteteza malungo. Anthu akachuluka pamzere, funso la ziwengo limatha kudumphidwa. Choncho asadikire kufunsidwa. Anene yekha asanalandire chilichonse, ndipo apemphe kuti zilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu pachikuto cha buku lake lakuchipatala. Tsiku lochira mwina sadzakhala ndi mphamvu zofotokoza, bukulo lidzamuyankhulira. Akapezeka ndi HIV anenenso pomwepo, chifukwa amene ali ndi HIV amapatsidwa Bactrim womwa tsiku ndi tsiku.

Poti Fansidar sakumwa, azigona m'neti usiku uliwonse, ndipo thupi likangotentha akayezetse malungo tsiku lomwelo.

Dokotala wa kuwodi: Ndiyankhe funso lachiwirilo. Ziwengo zapakhungu pazokha kawirikawiri sizipha. Zoopsa ndi izi zikabwera patangotha mphindi kapena ola limodzi atamwa mankhwala, atadya mtedza kapena atalumidwa ndi njuchi: mawu kusasa, lilime kutupa, kubanika, m'chifuwa kulira ngati likhweru, chizungulire, kukomoka. Woyembekezera amathanso kumva msana kupweteka ndi m'mimba kupotokola ngati matenda ayamba.

Apa Piriton sathandiza, ndipo kumumwetsa mkaka kapena phala n'kutaya nthawi. Mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline: 0.5 mg, kutanthauza 0.5 ml ya adrenaline wa mphamvu ya 1:1000, kubaya mumnofu wa ntchafu chakunja. Pakatha mphindi 5 osasintha, abayidwenso. Achibale ena amakana poopa kuti jakisoniyu avulaza mwana, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri. Chimene chimavulaza mwana ndi BP ya mayi ikagwa, chifukwa magazi opita kunsengwa amachepa ndipo mwana amasowa mpweya.

Kanyamulidwe nakonso n'kofunika. Mugonekeni chammbali, kumanzere. Mimba ikafika masabata 20, akagona chagada chiberekero chimapanikiza mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima, BP n'kutsikiratu. Musamuimiritse kapena kumuyendetsa wapansi. Anthu amagwa pomwepo akangodzutsidwa. N'chifukwa chake galimoto kapena ngolo imene angagonemo ndi yabwino kuposa kabaza. Ngati chomuvuta kwambiri ndi kupuma, akhale motsamira, miyendo atatambasula.

Kuchipatala amuika oxygen ndi dripu, n'kumamvetsera mtima wa mwana. Hydrocortisone, mankhwala ochepetsa kutupa, amatenga maola kuti agwire ntchito, sangalowe m'malo mwa adrenaline. Akatsitsimuka asathamangire kunyumba. Amasungidwa maola 6 mpaka 12 kapena kupitirira, chifukwa nthawi zina vutoli limabwereranso.

Mzamba Nabanda: Ndiwonjezere, adokotala. Sulfa ali ndi kawengedwe kena kochedwa, kamene kamabwera patatha masiku kapena masabata: thupi kutentha, maso kufiira, zilonda mkamwa ndi kumaliseche, khungu kusupuka ngati lapsa ndi madzi otentha. Dzina lake ndi Stevens-Johnson. Zilonda zamkamwa zikangoyamba asiye mankhwalawo n'kupita kuchipatala chachikulu.

Wa kufamasi: Pa ziwengo zing'onozing'ono, kuyetsemula kapena kuyabwa, woyembekezera amaloledwa Piriton wa 4 mg, koma amagonetsa. Loratadine kapena cetirizine wa 10 mg kamodzi patsiku sagonetsa kwenikweni. Afunse kaye kusikelo, ndipo apewe mankhwala achimfine osakanizasakaniza ogula pagolosale. Ngati ali ndi mphumu asasiye salbutamol kapena beclometasone wopopera. Kubanika n'koopsa kwa mwana kuposa mankhwalawo.

Penicillin si wa gulu la sulfa. Akamupeza ndi chindoko asakane jakisoni wa benzathine, amene ndi mtundu wa penicillin, pokhapokha ngati penicillin kapena amoxicillin anamuwengapo.

Komanso si kuyabwa konse kumene kuli ziwengo. M'miyezi yomaliza, zikhatho ndi kumapazi zikamayabwa kwambiri usiku popanda totupa, akayezetse magazi a chiwindi, chifukwa vuto limenelo limaika mwana pachiswe.

Nachisale: Zikomo kwambiri nonse. Ndimuperekeza ndekha, ndipo sitichokako asanalembe pabukupo.