Mwandidula masheya pa ngongole ya wina

Amake mapasa: Apampando, mwandidula K86,400 pa masheya anga a m'gulu lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama. Yachani? Nonse mukudziwa kuti K60,000 ija sindinadyepo ngakhale tambala. Ndinatengera alamu anga chifukwa masheya awo sankafika.

Wapampando: Lamulo mukulidziwa amayi, wosayina ndiye wobweza. Chiwongoladzanja 20 pa 100 pamwezi, nachonso chikubereka, miyezi iwiri, ndi imeneyo.

Amake mapasa: Nanga K15,000 ndinapereka mu Okutobala ili kuti?

Wapampando: M'buku mulibe.

Msungichuma: Musandiyang'ane ine. Tsiku limenelo ndinali kuchipatala ndi mwana, ndinagona pansi pa bedi lake, foni itathima. Bokosi ndinasiyira osunga makiyi atatu aja. Chaka chatha munanditcha wakuba pa thumba la zadzidzidzi, ndalama zitapezeka palibe anabwera kudzapepesa. Lero mwayambanso?

Alamu: Ine sindinatume munthu. Musanditchule.

Amake mapasa: Alamu, mukutero inu? Munagogoda pakhomo panga usiku mukulira kuti mwana abwezedwa kusukulu. Ndinakuwerengerani m'manja mwanu, inu n'kumanga pa nsonga ya chitenje. Lero simukundidziwa? Davide analira zomwezi pa Salimo 41:9, kuti mnzake amene ankadya naye ndi amene anamuukira.

Mlembi: Mavesi tonse timawadziwa. Salimo 37:21 likuti woipa amakongola osabweza.

Amake mapasa: Ndiye muwerengereni amene anadya ndalamayo! Inu alembi munandida kalekale, kuyambira tsiku ndinakana kuti mwana wanu alowe m'gulu pakati pa chaka.

Agogo: Ana inu, bazani mitima. Mwanawe, Yosefe anagulitsidwa ndi abale ake enieni pa ndalama zasiliva 20, koma Mulungu sanamusiye ngakhale m'ndende. Tenga mboni ziwiri upite nazo kwa mlamu wako, monga Mateyu 18:16 akunenera.

Amake mapasa: Mboni ndiitenga kuti agogo? Tinali awiri, wachitatu ndi Mulungu. Kwa amfumu sindipita, kutukwana sinditukwana. Ndagwada, ndamuuza Iyeyo, ndipo mtima wanga wakhazikika pamenepo. Koma K15,000 yokhayo ilembedwe. Ndinapereka masana, anthu akuona.

Wosunga kiyi: Ndikukumbuka anaikadi ndalama m'mbale, koma kuchuluka kwake sindinaone.

Wapampando: Zikambidwa Lachinayi. Wochedwa chindapusa.

Mlembi: Ndipo mphasa yokhalira ija anabwereka ndani? Mpaka lero sinabwerere.

Amake mapasa: Alamu, ndikuona mwawerenga uthenga wanga. Yankhani.