Pedulo ya buleki ikumira galimoto ikatentha pa track

Sipanala17:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mu galaja muli supercar ya injini yapakati, yolemera pafupifupi 1,500 kg, ma disiki a carbon-ceramic mawilo onse anayi, kutsogolo makalipa (zopanira mapadi pa disiki) a mapisitoni 6. Pamsewu mabuleki ali bwinobwino. Pa track (bwalo la mpikisano wa magalimoto) ikangozungulira kanayi kapena kasanu pedulo imamira, mpaka woyendetsa kupopa kawiri kuti igwire. Ikazizira zonse zimabwerera mwakale. Mafuta a mabuleki tinasintha mwezi watha, DOT 4, ndipo palibe pamene pakudontha. Abwana akuti tiyitanitse master cylinder (pampu imene pedulo imakankha kuti mafuta apite ku mawilo), koma ine mtima ukukana.

MkuluWaGalaja:
Master muisiye kaye, achimwene. Ikakhala yakufa, pedulo imatsika pang'onopang'ono ngakhale galimoto ili yozizira, mukaiponda n'kuisunga choncho. Funsani woyendetsayo bwino. Pedulo ikhale yolimba koma galimoto osaima, amenewo ndi mapadi opsa. Pedulo ikhale yofewa n'kumamira, mafuta akuwira mu kalipa, chifukwa nthunzi imapanikizika pomwe mafuta sapanikizika. Ikamamira akangotuluka pa makona okha, kupopa kamodzi n'kulimba, ndiye kuti disiki ikukankhira mapisitoni m'mbuyo: yang'anani beyaring'i ya hub, muike dial gauge (choyezera kugwedera) pa disiki, muyerekeze ndi malire a m'buku la fakitale.

Sipanala17:
Akuti ndi yofewa, ndipo imavuta kwambiri kumapeto kwa msewu wautali wowongoka. Ma hub sakugwedera.

MayiInjiniya:
Ndiye akuwira. Tawerengerani: 1,500 kg kuchoka pa 250 km/h kufika pa 80 km/h ndi mphamvu yoposa 3 MJ (ma joule 3 miliyoni), ndipo pafupifupi yonseyo imasanduka kutentha m'masekondi ochepa, yambiri n'kupita kutsogolo. Kungoti DOT 4 sikokwanira. Muyezo umenewu umangofuna kuti mafuta atsopano asawire asanafike 230°C, ndipo akamwa chinyezi malirewo ndi 155°C basi. Mafuta a mpikisano monga Motul RBF 600 kapena Castrol SRF amapitirira 300°C ali atsopano. DOT 5 ya silicone musaiyandikire n'komwe, sigwirizana ndi ABS (makina oletsa mawilo kuloka poponda buleki). DOT 5.1 ndi ina, imeneyo imasakanizika ndi DOT 4.

Funso langa: posintha mafuta munabulida manipo (timabowuti totulutsira mpweya ndi mafuta akale) angati pa kalipa iliyonse?

Sipanala17:
Mnyamata amene anagwira ntchitoyo akuti imodzi imodzi, yakunja.

MkuluWaGalaja:
Apo ndi pomwe pagona nkhani. Makalipa amenewa ali ndi mapisitoni mbali zonse ziwiri, ndipo ambiri amakhala ndi manipo awiri. Mbali yamkati yatsala ndi mafuta akale achinyezi. Bulidaninso zonse ndi pressure bleeder (chida chokankha mafuta ndi mphamvu ya mpweya), motsata dongosolo la m'buku, ndipo mulumikize kompyuta kuti iyendetse pampu ndi mavavu a ABS, apo ayi mafuta akale atsalira mu block ya ABS. Konzani malita awiri, a m'botolo losatsegulidwa. Botolo lomwe lakhala lotsegula pa shelefu litayeni.

Mapadi atsala bwanji? Padi ikaonda kutentha kumadutsa mosavuta kupita ku pisitoni. Ya pa track ikatha theka ndi yosintha, ngakhale pamsewu ikanayendabe.

MayiInjiniya:
Ndikugwirizana nawo akuluwa, koma mafuta abwino akhoza kungobisa vuto. Galimoto zimenezi anazipanga kuti zipirire kuzungulira kasanu. Ngati kalipa ikutentha chonchi, mphepo sikufika pomwe iyenera kufika. Disiki imadziziziritsa ngati fani: imakoka mphepo pakati, n'kuitulutsa m'mphepete kudzera m'timipata ta mkati. Choncho ma duct (mapaipi a mphepo) ochokera ku bampala ndi timapulasitiki tomangidwa pa wishbone (mkono wogwira wilo) timalozetsa mphepo pakatipo. Timeneti timathyoka galimoto ikakhula pansi, ndipo okonza bodi amatiiwala kawirikawiri pobwezera, poti amationa ngati tokongoletsa chabe. Onaninso mivi pa ma disiki. Ngati timipata take ndi topindika, ya kumanzere ndi ya kumanja sizisinthana.

Musalote, yezani. Matani tizomata toyezera kutentha pa kalipa iliyonse. Ikamayandikira 200°C marabala a mapisitoni ayamba kuuma. Kumbuyo musakuiwale: woyendetsa akamalimbana ndi stability control (makina oletsa galimoto kuterereka), kompyuta imagwiritsa mabuleki akumbuyo mosalekeza iye osadziwa.

Sipanala17:
Mayi, mwalasa. Kutsogolo kumanzere kapulasitiki kapa wishbone kulibe, duct yang'ambika polumikizira. Bampala inachotsedwapo pokonza penti. Mapadi atsala 5 mm, rabala yotchinga fumbi mbali imeneyo yapsa. Disiki ndaiyeza ndi micrometer, sinaonde. Ndiibwezere?

WaMaCarbon:
Ayi, micrometer yokha ikunamizani. Disiki ya carbon-ceramic sionda kwenikweni. Ikatenthedwa mopitirira muyezo, ulusi wa carbon umapsa ndi mpweya, disiki n'kumapepuka kukula kwake kuli komweko. N'chifukwa chake ambiri amadinda kulemera kotsikitsitsa pa bell yake, chitsulo chapakati chomangira disiki ku hub. Ichotseni, muitsuke ndi madzi ndi sopo wamba, muuzire m'mabowo, iume ndithu, kenako muiike pa sikelo yowerenga gramu imodzi imodzi. Madzi kapena fumbi la mapadi zikatsalira zimawonjezera kulemera. Pali makina a Carboteq oyezera osaichotsa, ngati mungawapeze. Pamwamba pakakhala pokakala, pokumbikakumbika, idya mapadi atsopano msanga.

Yakumanja muiyezenso. Ina ikapepuka kupitirira malirewo, musinthe zonse ziwiri. Ndipo pochotsa limu gwiritsani ma guide pin, tindodo tomangidwa pa hub totsogolera limu. Limu ikagunda m'mphepete mwa disiki imabenthuka, ndipo kubenthuka kopitirira malire sikukonzedwa.

Sipanala17:
Zonse ziwiri zili pamwamba pa nambala yodindidwa, ngakhale yakumanzere yapepuka kuposa inzake. Taika duct ndi kapulasitiki katsopano, marabala a kalipa, mapadi enieni a ma disiki a carbon-ceramic, ndipo tabulida manipo onse ndi kompyuta.

MkuluWaGalaja:
Isanapite pa track mapadiwo akhazikike kaye: kuponda mobwerezabwereza, kuyamba mofatsa n'kumawonjezera mphamvu, osaimiratu, kenako kuyenda osaponda mpaka azizire. Woyendetsayo mumuuze kuti ulendo womaliza azizungulira pang'onopang'ono, ndipo akaima asasiye phazi pa buleki kapena kumanga handibuleki. Tizomata tija mutiwerenge akangotsika. Kumanzere ndi kumanja zikasiyanabe kwambiri, mukaonenso ma duct.