Oda ya keke ya keto yandizunguza mutu, icing ikuchita mchenga

Wophika wa ku Area 25:
Anzanga ndithandizeni msanga, Loweruka layandikira. Kasitomala wanga wakalekale chaka chino akuti ali pa keto, kadyedwe kopewa shuga ndi zakudya za sitachi nkumadya zamafuta, akufuna keke ya tsiku lake lobadwa yopanda shuga komanso yopanda fulawa. Dipoziti ndinalandira kale. Almond flour (ufa wa mtedza wa almond) ndi erythritol (chotsekemeretsa cholowa m'malo mwa shuga) anabweretsa okha kuchokera ku Joni, mapaketi awiri basi, ndipo imodzi yathera pa keke yoyeserera. Ndinatsata resipe yanga ya vanilla sponge, ndinangosinthanitsa kapu kwa kapu, uvuni pa 180, mphindi 35. Pamwamba yada bii, pakati yagwa ndipo ndi paiwisi, poichotsa m'thini ikungonyenyeka. Buttercream ndiye yandipsetsa mtima, itangozizira ikuchita mchenga m'mano, m'kamwa kumazizira ngati wadya mankhwala otsukira mano. Ndiye dzulo andiimbira, akuti mwina ndithiremo kauchi pang'ono kuti ikome poti ndi tsiku limodzi lokha. Akufuna keto kapena sakufuna? Uchiwo ndithire? Ndatopa ine.

Mayi a ku Chilomoni:
Mwanawe ukudzivutitsiranji? Munthu akayamba kupempha uchi ndiye kuti mtima wake uli pa keke yeniyeni. Tsiku lobadwa limabwera kamodzi pachaka. Aphikire sponge yako yomwe anazolowera, adye kachidutswa kamodzi, Lamulungu abwerere ku mazira awo ndi mapeyala. Ine ndayamba kuphika makeke ena a inu musanabadwe, sindinaonepo munthu atanenepa ndi keke ya tsiku limodzi.

Wa ku Katoto, Mzuzu:
Asisi vuto layambira pa kapu kwa kapu. Almond flour ilibe gluten, ndiye palibe chogwira keke kuti iime, komanso ili ndi mafuta ambiri, nchifukwa chake imapsa msanga kunja. Tsitsani uvuni mufike pa 160, gawani m'mathini awiri osaya m'malo mwa imodzi yakuya, ikayamba kuda pamwamba vundikirani ndi foil. Onjezani mazira, oyerawo muwamenye paokha mpaka aime kenako muphatikize pang'onopang'ono. Ngati muli ndi xanthan gum, kaufa kothandiza kugwira keke, theka la katiyisupuni likwana. Osaichotsa m'thini ikadali yofunda, idikireni izizire ndithu.

Za mchengazo ndi khalidwe la erythritol, ikazizira imabwerera kukhala timiyala. Ipereni mu blender ikhale ufa ngati icing sugar, ndipo musachulutse. Imatsekemera pafupifupi magawo 70 pa 100 poyerekeza ndi shuga, ndiye anthu amaiwonjezera, kuzizira m'kamwako nkumakula. Ine buttercream ndinaisiya pa maoda otere, ndimapanga ya cream cheese, imabisa bwino. Fondant yokutira keke ija musaiganizire nkomwe, ndi shuga yekhayekha.

Wa ku Randburg:
Kuno ku Joni zinatipeza kale izi. Nthawi imene Banting, kadyedwe kofanana ndi keto kamene ankalimbikitsa pulofesa Tim Noakes, inatchuka, madamu amene ndinkawagwirira ntchito anatulutsa fulawa yense m'kabati, ine ndi amene ndinkaphika. Ndikuuzeni chimene chinandigwera nditayamba kulandira maoda anga. Mayi wina anaitanitsa keke ya chokoleti ya Banting ya anthu 30. Ndinagula chokoleti cholembedwa sugar free, osawerenga kuseri kwa paketi, ndinapanga ganache, chokoleti chosungunula ndi kirimu, yambiri ndithu. Chokoleticho chinali cha maltitol, chotsekemeretsa china chimene chikachuluka chimatsegula m'mimba. M'mawa mwake foni siinapume, alendo angapo anatsegula m'mimba usiku wonse, ndipo ankaganiza kuti ndinagwiritsa ntchito kirimu wowonongeka. Ndinabweza ndalama zonse, mayiyo sanabwerenso, ndi anzake omwe. Choipanso maltitol imakweza shuga m'magazi ndithu, ndiye ngakhale keto yakeyo inasokonekera. Werengani kuseri kwa paketi iliyonse asisi, ngakhale yomwe wabweretsa mwini wake.

Mayi a ku Chilomoni:
Mwaona nokha. Alendo 30 kuvutika chifukwa cha munthu mmodzi. Shuga wa ku Nchalo sanatsegulepo munthu m'mimba. Ndikubwerezanso, keke yeniyeni, kachidutswa kamodzi, nkhani yatha.

Namwino wophika pambali, Zomba:
Amayi ndimakulemekezani koma apa ndikutsutsani. Tisanakambe za kachidutswa, funso loyamba ndi lakuti munthuyu ali pa keto chifukwa chiyani. Kadyedwe kameneka sikanayambire pa kuonda. Anakayambitsa ndi madokotala, Russell Wilder wa ku chipatala cha Mayo Clinic ku America mu 1921, pothandiza odwala khunyu, ndipo mpaka lero pali ana amene amadya choncho moyang'aniridwa ndi achipatala. Mwana wotere ukamupatsa keke ya shuga ukhoza kumudzutsira matenda. Ena ali ndi matenda a shuga, akumwa mankhwala kapena akubaya insulin, amawerengera chakudya chilichonse. Ukamuuza kuti mulibe shuga pomwe muli uchi, wamunamiza pa chinthu chokhudza moyo wake.

Uchi ndi shuga basi, musapusitsike ndi zoti ndi wachilengedwe. Supuni imodzi yaikulu ili ndi ma carb (shuga ndi sitachi) pafupifupi magalamu 17. Wa keto amayenera kukhala pansi pa magalamu 50 tsiku lonse, ambiri amadziikira 20. Nthochi, zoumba, madeti, zonsezo chimodzimodzi. Ngati mwini wake wasankha yekha kuti tsiku limenelo apumeko, ndi ufulu wake, koma keke ya uchi musaitchule keto. Paphwandopo pakhoza kukhala wina wodwala shuga amene adye mokhulupirira dzinalo.

Wophika wa ku Area 25:
Ndawafunsa, akuti ndi zofuna kuonda basi, alibe matenda a shuga. Koma mlamu wawo ali nawo ndipo abwera. Ndiye uchi ayi eti? Koma akapeza kuti siikukoma adzati ine ndi amene sinditha kuphika. Xanthan ndilibe, muno mu Lilongwe ndingaipeze kuti?

Wa ku Katoto, Mzuzu:
Yesani m'mashopu ogulitsa zophikira makeke, ine yanga amandibweretsera ochokera ku Joni. Ikasowa onjezani dzira limodzi, iima ndithu bola mathini akhale osaya. Muwauziretu kuti siikoma ngati ya chaka chatha, ndipo muwalembere pa WhatsApp kuti mawu akhalepo.

Wa ku Namiwawa:
Wina akakuuzani kuti musinthe erythritol ndi xylitol poti siichita mchenga kwambiri, funsani kaye ngati pakhomopo pali galu. Xylitol imapha agalu, ngakhale yochepa. Imagwetsa shuga m'magazi mwa galu mwadzidzidzi, ena chiwindi chimawonongeka. Paphwando ana amagwetsa nyenyeswa paliponse. Ine ndinasiya kuisunga m'nyumba. Nayonso ikachuluka imatsegula m'mimba.

Namwino wophika pambali, Zomba:
Erythritol nayo si yodya ngati nsima. Mu 2023 ofufuza a ku chipatala cha Cleveland Clinic ku America anapeza kuti anthu amene anali nayo yambiri m'magazi ankapezeka kwambiri ndi mavuto a mtima ndi kuundana kwa magazi. Chimene ndimaona ine nchakuti anthu akamva kuti keke ndi ya keto amadya zidutswa zitatu, pomwe ya shuga akanadya chimodzi. Almond, batala ndi cream cheese ndi mafuta okhaokha, wofuna kuonda sangaonde nazo akamadya choncho.

Mayi a ku Chilomoni:
Ndiye anamwino mwafika pa mawu anga omwe aja. Chidutswa chimodzi cha keke yeniyeni chiposa zitatu za mankhwalazo. Mlamuyo mudulireni mapeyala, kapena mumupangire kakeke kake kakang'ono pambali. Bwanji phwando lonse lidye mchenga? Ana amene abwere alakwa chiyani?

Wa ku Randburg:
Amayi kwa ena chidutswa chimodzi sichikhala chimodzi. Madamu anga aja ankati akangolawa shuga, sabata yonse amangofuna zotsekemera, ndiye ankakana ngakhale pa Khirisimasi. Mwamuna wawo ankadya pudding tsiku limenelo nkupitiriza Banting yake bwinobwino. Nyumba imodzi, anthu awiri osiyana. Si ife ophika oti tiwasankhire.

Wa ku Kasungu:
Pepani ndalowa mochedwa. Bwanji osayesa nsinjiro m'malo mwa almond? Mtedza tili nawo wambiri kuno, mtengo wake sungafanane ndi wa ku Joni. Ine ndinapangapo timabisiketi ta nsinjiro, dzira ndi batala, tinatha tonse.

Wa ku Katoto, Mzuzu:
Pa mabisiketi zimatheka, pa sponge imalemera ndipo fungo la mtedza limaphimba vanilla yense. Komanso nsinjiro za pamsika sudziwa mtedza wake, wina amasinja ndi wachuku womwe. Ngati mukufuna, sankhani mtedza nokha, kazingani pang'ono, sinjani nokha. Mufunsenso ngati pali amene thupi lake limadana ndi mtedza. Ufa wa kokonati ndiye samalani, umamwa madzi koopsa, kotala ya kapu imalowa m'malo mwa kapu yathunthu ndipo umafuna mazira ambiri. Ndinataya mazira 12 tsiku limodzi ndisanadziwe zimenezi.

Wa ku Namiwawa:
China choti mudziwe asisi. Akadya ya shuga kapena ya uchi, Lolemba akakwera sikelo apeza kilo imodzi kapena ziwiri zabwerera, ndipo foni yoyamba idzakhala yanu. Zinandichitikira, mayi wina ananditumizira chithunzi cha sikelo nkumati ndinamuthirira shuga mobisa. Pomwe ambiri mwa makilo amenewo ndi madzi, thupi likasunga shuga limasunganso madzi, patapita masiku angapo amachoka. Koma kumufotokozera munthu wokwiya ndi ntchito.

Mayi a ku Chilomoni:
Madzi omwewo akachoka ndiye watayapo chiyani? Ine pomwe ndaima ndi pomwepo. Mwanawe phika ziwiri, yaikulu yeniyeni ya alendo, yaing'ono ya almond yatsalayo, uone kuti mwini tsiku adula iti.

Wa ku Kasungu:
Zikakhala ziwiri mtengo mumawerengera bwanji? Ine maoda apadera amandidyera phindu, makamaka magetsi akathima keke ili mu uvuni. Komanso blender yopera erythritol, ya wamba ija imatha kapena mpaka ya khofi? Yanga inapsa mwezi watha ndikupera mtedza.