Kodi ntchito ya Thelma Golden yapindulira anthu a ku Harlem kapena msika wa zaluso?

Funso la Mayi Nachisale

Akuluakulu nonse amene mumatsatira nkhani za luso, ndili ndi funso lokhudza Mayi Thelma Golden, amene akhala akutsogolera Studio Museum in Harlem, myuziyamu ya zaluso ya ku Harlem, dera la anthu akuda ambiri mumzinda wa New York, kuyambira mu 2005. Pakakhala nkhani ya aluso akuda a masiku ano dzina lawo silisowa, ndipo anthu ambiri amanena kuti ku America kulibe curator (wosankha ndi kukonza zionetsero za luso) wina amene analambulira njira aluso amenewa kuposa iwo. Zimenezo sindikutsutsa. Chimene chikundisautsa mumtima n'chakuti ntchito za aluso ambiri amene anadutsa m'manja mwawo lero zikugulidwa ndi madola mamiliyoni n'kukapachikidwa m'nyumba za anthu achuma, pamene myuziyamu imene akuitsogolerayo inakhazikitsidwa mu 1968 n'cholinga chotumikira aluso akuda pamodzi ndi anthu a m'dera limene ilimo. Kodi n'zotheka kuti munthu mmodzi akweze aluso akuda pamaso pa dziko lonse, nthawi yomweyonso n'kumatumikira mayi wogulitsa malonda m'mbali mwa msewu wa 125th Street, pamene pali myuziyamuyo? Ndikupempha inu amene mukuidziwa bwino mbiri ya ntchito yawo kuti mundithandize kuunika nkhaniyi.

Yankho la Bambo Chirwa

Mayi Nachisale, kuti funso lanu liyankhidwe bwino tiyenera kuyamba ndi zaka zimene mayiwa anali asanakhale mtsogoleri. Anabadwa mu 1965 ku Queens, m'mzinda womwewo wa New York, ndipo anamaliza maphunziro awo a mbiri ya zaluso pa Smith College mu 1987. Atagwirako ntchito kwa kanthawi pa Studio Museum pomwepo, mu 1988 anapita ku Whitney Museum of American Art, kumene anadzakhala curator woyamba wakuda. Anali mmodzi mwa amene anakonza Whitney Biennial ya mu 1993, chionetsero chimene olemba nkhani za luso ambiri anachinyoza ponena kuti chinadzaza ndale, makamaka chifukwa munali zinthu monga vidiyo yoonetsa apolisi a ku Los Angeles akumenya Rodney King mu 1991.

Koma chimene chinawatchukitsa, chimenenso chinawabweretsera adani, ndi chionetsero cha mu 1994 chotchedwa Black Male, chimene chinkafufuza mmene luso la ku America lakhala likumuonetsera mwamuna wakuda. Mwa ntchito zonse zimene zinali mmenemo, ya Fred Wilson yotchedwa Guarded View ndi imene ine ndimaona kuti inanena zonse: zidole zinayi zakuda zopanda mitu, zitavala yunifolomu za alonda a mamyuziyamu akuluakulu a mu New York. Tanthauzo lake linali losabisika. M'nyumba zimenezo munthu wakuda ankapezekamo tsiku lililonse, koma monga mlonda woimirira pakona amene alendo samuyang'ana n'komwe, osati monga mwini ntchito zopachikidwa pakhoma.

Chofunika kudziwa n'chakuti amene anakwiya sanali azungu okha. Anthu akuda ena anadandaula kuti chionetserocho chinalibe zithunzi zolemekeza mwamuna wakuda, ndiponso kuti munaikidwa zithunzi za amuna akuda ali maliseche zojambulidwa ndi mzungu, Robert Mapplethorpe. Chitafika ku Los Angeles mu 1995, aluso ena akuda a kumeneko anakonza zionetsero zawozawo zotsutsana nacho. Apa ndiye pali yankho langa kwa inu. Kuyambira pachiyambi, Mayi Golden sanaone kuti kutumikira anthu akuda n'kuwaonetsa zokhazo zimene zingawasangalatse. Ndipo tisaiwale kuti mu 1969 Metropolitan Museum of Art inachita chionetsero chonena za Harlem, chotchedwa Harlem on My Mind, chopanda ngakhale penti imodzi kapena chosema chimodzi cha waluso wakuda, moti aluso anachita zionetsero zokwiya pakhomo pake. Munthu amene anathandiza kuti manyazi oterowo asamachitikenso mosavuta watumikira Harlem, ngakhale ntchitoyo itachitikira kutali ndi Harlem.

Yankho la Mayi Nankhoma

Bambo Chirwa, mbiri mwaifotokoza bwino, koma ndikuona kuti funso la Mayi Nachisale mwalilambalala pang'ono, chifukwa iwo akufunsa za zaka za ku Harlem, osati za ku Whitney. Mayi Golden anabwerera ku Studio Museum mu 2000 monga wachiwiri kwa mtsogoleri wake Lowery Stokes Sims, ndipo mu 2001 anakonza chionetsero cha Freestyle, mmene munali aluso 28 amene panthawiyo anali asanadziwike kwenikweni. Pamenepo m'pamene panamveka mawu akuti post-black, amene iwo ankagwiritsa ntchito pocheza ndi waluso Glenn Ligon, ponena za aluso amene sankafuna kuikidwa m'gulu lapadera la aluso akuda ngakhale kuti ntchito zawo zinali zozama pa nkhani ya moyo wa munthu wakuda. Sindikukayika kuti maganizo amenewa anamasula aluso ambiri. Mark Bradford, amene ankagwira ntchito m'saluni ya mayi ake ku Los Angeles, anabweretsa zithunzi zopangidwa ndi timapepala tokulungira tsitsi, ndipo patapita zaka 16 ndiye anaimira America ku Venice Biennale, chionetsero chachikulu cha luso la mayiko ambiri cha ku Italy. Julie Mehretu ndi Rashid Johnson analinso m'chionetsero chomwecho.

Komabe tiyeni tione kumene phindu linapita. Mu 2018 chithunzi cha Bradford chinagulitsidwa pa okushoni ku London pa madola pafupifupi 12 miliyoni, ndipo mu 2023 cha Mehretu chinaposa madola 10 miliyoni ku New York. Ndalama zoterozo sizipita ku Harlem, ndipo sizipitanso kwa walusoyo, chifukwa malamulo a dziko la America sapatsa waluso gawo pamene ntchito yake ikugulitsidwanso ndi amene anaigula kale. Kwa ine, myuziyamuyi yakhala ngati nazale: mbande zimafesedwa ndi kuthiriridwa pa 125th Street, koma zikangokhwima zimakaokeredwa m'minda ya eni chuma, ndipo zokolola amadya ndi iwowo. M'zaka zomwezi lendi ya nyumba ku Harlem yakwera kwambiri, mabanja ambiri akuda amene anakhalako kwa mibadwo asamuka, ndipo malo otchuka a zachikhalidwe ndi ena mwa zinthu zimene zimakopa anthu achuma kudzakhala m'dera. Sindikunena kuti Mayi Golden ndiwo anachititsa zimenezi, ayi. Ndikunena kuti tikamawayamikira tisamaphatikize kutchuka kwa aluso ndi ubwino wa anthu a m'deralo ngati kuti n'chinthu chimodzi.

Yankho la Bambo Mbewe

Mayi Nankhoma, mfundo yanu ya ndalama ndi yoona ndipo sindiitsutsa, koma pali ntchito ina imene simveka m'manyuzipepala chifukwa ilibe mtengo woilemba pa okushoni. Kuyambira mu 2001 myuziyamuyi yakhala ndi pulogalamu ya Expanding the Walls, imene imatenga ana a sukulu za sekondale kwa miyezi 8, kuwapatsa makamera, ndi kuwaphunzitsa kujambula pogwiritsa ntchito zithunzi za James Van Der Zee, amene kuyambira zaka za m'ma 1910 ankajambula maukwati, maliro, asilikali ndi mabanja a ku Harlem. Pamapeto pake zithunzi za anawo zimaonetsedwa kwa anthu ngati ntchito za waluso wina aliyense, ndipo kawirikawiri zimaikidwa pambali pa za Van Der Zee. Mwana amene waona chithunzi cha agogo ake chimene iye anajambula kukhitchini chitapachikidwa m'myuziyamu, makolo ake atabwera kudzachiona, walandira chinthu chimene msika sungamulande.

Chachiwiri ndi pulogalamu imene inapatsa myuziyamuyi dzina lake, yopatsa aluso atatu chaka chilichonse chipinda chogwiriramo ntchito (studio), ndalama zowathandiza, ndi chionetsero pomaliza. Pulogalamuyi sanaiyambitse Mayi Golden, pakuti aluso David Hammons ndi Kerry James Marshall anadutsamo m'zaka za m'ma 1980, ndipo n'chilungamo kutchula atsogoleri amene analipo iwo asanabwere monga Mary Schmidt Campbell, amene m'nthawi yake myuziyamu inasamukira pa 144 West 125th Street mu 1982. Koma m'nthawi ya Mayi Golden munadutsa Kehinde Wiley, amene anadzajambula chithunzi cha boma cha Barack Obama, Mickalene Thomas, Simone Leigh, komanso aluso obadwira kuno ku Africa monga Wangechi Mutu wa ku Kenya, Njideka Akunyili Crosby wa ku Nigeria ndi Meleko Mokgosi wa ku Botswana. Chimene ndikufuna muone n'chakuti kukhala pa msewu umenewo kunasintha ntchito za ena mwa iwo. Wiley ankaimitsa anyamata m'misewu ya Harlem n'kuwapempha kuti awajambule. Jordan Casteel, amene analimo cha m'ma 2015 ndi 2016, anajambula ogulitsa malonda ndi anthu ena amene ankakumana nawo m'misewu yomweyo, aliyense ndi dzina lake. Wogulitsa m'mbali mwa msewu amene Mayi Nachisale amutchula uja, m'zithunzi za Casteel ndiye mwini nkhani.

Palinso inHarlem, imene inayamba mu 2016, pamene ntchito za Kevin Beasley, Simone Leigh, Kori Newkirk ndi Rudy Shepherd zinaikidwa m'mapaki anayi a m'deralo, kuphatikizapo Marcus Garvey Park, kuti munthu azione popanda kulowa pakhomo la aliyense. Ndiwonjezere kuti mkangano umene tili nawowu ndi wakale ngati myuziyamu yeniyeniyo. Chionetsero choyamba mu 1968 chinali cha Tom Lloyd, amene ankapanga zinthu za magetsi othwanima, ndipo ena mwa anthu a m'deralo anadandaula kuti sankadzionamo. Waluso wakuda ali ndi ufulu wopanga chimene mtima wake ukufuna, ndipo anthu oyandikana naye ali ndi ufulu wofunsa kuti chikuwakhudza bwanji. Mtsogoleri aliyense wa nyumba imeneyo wakhala akusenza zonse ziwiri.

Mayi Nachisale akufunsanso

Zikomo kwambiri nonse atatu. Bambo Mbewe, mwandipatsa zinthu zogwirika, koma pali chimodzi chimene simunachikhudze. Myuziyamuyi inatsekedwa mu 2018 kuti nyumba yakale igwetsedwe, ndipo yatsopano inatsegulidwa pa 15 November 2025. Mwana amene anali ndi zaka 10 pamene zitseko zinkatsekedwa anafika zaka 17 asanalowemo. Kodi zaka zimenezo sizikulimbitsa mfundo ya Mayi Nankhoma?

Yankho lachiwiri la Mayi Nankhoma

Mayi Nachisale, ngakhale funso lanu likundikomera, pano ndiyenera kunena mwachilungamo mbali zonse. Zaka zimenezo zinali zotayika ndithu kwa anthu a m'deralo, ndipo zionetsero za aluso atatu a chaka chilichonse aja zinkachitikira m'myuziyamu ina yotchedwa MoMA PS1, ku Queens, kutsidya la mtsinje, kumene munthu wa ku Harlem sangangodutsako pochokera kuntchito. Mapulogalamu a ana ndi ntchito za m'mapaki ndi m'malaibulale zinapitirira, koma sizingafanane ndi nyumba yokhala ndi khomo lotseguka.

Komabe nyumba yakaleyo poyamba inkagwiritsidwa ntchito ngati banki, ndipo inali yosakwanira kusunga ndi kuonetsa ntchito masauzande zimene myuziyamu yasonkhanitsa. Kuti yatsopano imangidwe, Mayi Golden anatsogolera ntchito yosonkhanitsa madola oposa 300 miliyoni, gawo lina lochokera ku boma la mzinda wa New York, ndipo ndalama zambiri zinachokera kwa anthu achuma ndi mabungwe omwewo amene ine ndawadandaula pamwambapa. Apa ndiye pamene ndimawapatsa ulemu waukulu: akanatha kupita kukatsogolera myuziyamu ina yaikulu, koma anakhala, nakokera chuma chimenecho pa 125th Street, pamalo omwewo pamene panali nyumba yakale. Omanga anaika masitepe aakulu otsika kuchokera pamsewu kulowa mkati, potengera masitepe a pakhomo pa nyumba za ku Harlem pamene anthu amakhala n'kumacheza, ndipo chimodzi mwa zionetsero zotsegulira chinali cha Tom Lloyd yemwe uja.

Pali chinanso chimene tonse tachidumpha, chimene ndi ma curator amene anaphunzira ntchito pansi pawo. Naomi Beckwith tsopano ali ku Guggenheim Museum ndipo ndiye akukonza chionetsero chachikulu cha luso chotchedwa documenta cha mu 2027 ku Kassel, m'dziko la Germany. Thomas Lax anapita ku Museum of Modern Art, ndipo Christine Y. Kim anapita ku Los Angeles County Museum of Art kenako ku Tate. Amenewa ndiwo amasankha zogula ndi zopachika m'nyumba zonga zimene Fred Wilson ankazidzudzula. Nkhawa yanga ya lendi ndi kusamuka kwa mabanja ikadalipo, ndipo chimene ndikhale ndikuyang'ana m'nyumba yatsopanoyi ndi kuchuluka kwa sukulu za ku Harlem zimene zizibweretsa ana, masiku amene anthu azilowa ulere, ndiponso ngati zipinda za aluso atatu aja zipitirize kupatsidwa kwa anthu amene alibe gallery, nyumba yamalonda yowagulitsira ntchito.