Kodi woberedwa amaloledwa kufotokozera woweruza mmene moyo wake waonongekera?

Mlongo wa wakabaza, Ulongué:
Achimwene anga anawatchera usiku pamsewu wa ku Dómuè, anawatema ndi chikwanje padzanja ndipo anawalanda njinga yamoto imene inkadyetsa banja lonse. Anthu awiri anagwidwa ndipo mlandu wapita kubwalo. Ndikufuna kudziwa ngati achimwene adzapatsidwa mpata wonena kuti zala ziwiri sizikupindikanso ndiponso kuti ana asiya sukulu, komanso ngati mawu oterewa angasinthe kukula kwa chilango.

Yemwe anagwirapo ntchito kubwalo, Tete:
Pepani kwambiri, mayi. Kuno ku Mozambique wolakwiridwa amafunsidwa ndi woweruza pa nthawi ya mlandu, ndipo pamenepo ndi pamene ayenera kufotokoza zonse, osati za usiku umenewo zokha. Malamulo a milandu a 2019 amasiyanitsa furto, kuba wamba, ndi roubo, kulanda mwachiwawa kapena moopseza, ndipo poyeza chilango woweruza amayang'ana chida chimene chinagwiritsidwa ntchito, kuchuluka kwa achifwambawo ndi kuvulala kumene kwatsalira. Achimwene anu akafuna kuti liwu lawo likhale ndi mphamvu, apemphe kukhala assistente, kutanthauza wothandizana ndi Ministério Público (ofesi ya boma yoimba anthu milandu kubwalo) pa mlanduwo, ndipo apemphenso chipepeso mumlandu womwewo. Zimenezi zimafuna loya, koma a IPAJ, bungwe la boma lothandiza pa zamalamulo, amathandiza mwaulere anthu osowa ndalama. Musachedwe, chifukwa pempho lililonse lili ndi nthawi yake.

Bambo wa ku Tsangano:
Ine ndikuona kuti misozi yokha siisuntha woweruza. Nyamulani kalata ya dokotala, malisiti a mankhwala, mapepala a njinga, ngakhale kabuku kamene ankalembamo mametikali a tsiku ndi tsiku. Abale a omangidwawo adzabwera ndi mbuzi kuti nkhani ithere kwa amfumu, koma dziwani kuti roubo ndi mlandu wa boma, sutha chifukwa chakuti woberedwa wakhululuka.

Mphunzitsi, Macanga:
Mlandu umazengedwa m'Chipwitikizi, choncho apemphe womasulira kuti alankhule m'Chinyanja momasuka. Za chipepeso musayembekezere zambiri, pakuti woweruza angathe kuchilamula, koma munthu amene ali m'ndende wopanda katundu alibe pochitenga.

Mlongo wa wakabaza:
Zikomo nonse. Kabuku kaja kalipo, koma mapepala a njinga anapita nayo limodzi. Kodi wogulitsa angatipatse ena?