Zija ndinafunsa za nyimbo mu gemu yanga ya bawo

Mwezi watha ndinafunsa ngati ndingaike nyimbo ya woimba wina wa kuno kwathu mu gemu ya bawo yomwe ndikukonza ya pa foni, poti nyimboyo ndinachita kugula. Ambiri munandiletsa, ndipo munalondola. Kugula kumangokupatsa mwayi womvera.

Chimene sindinkachidziwa n'chakuti nyimbo imodzi imakhala ndi umwini pawiri: wa amene anapeka mawu ndi maimbidwe, ndi wa amene analipira kuti ijambulidwe. Woimbayo anavomera pa WhatsApp mosavuta, koma kenaka anati chojambulacho ndi cha mwini situdiyo. Mtengo womwe anatchula mkuluyo ndinangoti zikomo bwana, ndiganizire kaye. Ndinayesa kuzemba ndi nyimbo zakale, koma lamulo lathu la Copyright Act la 2016 limateteza nyimbo mpaka zaka 50 woipeka atamwalira.

Za Creative Commons, zilolezo zomwe eni nyimbo amapereka kuti ena azigwiritse ntchito mwaulere potsata malamulo ake, nazo zili ndi msampha. Ndinapeza kanyimbo kokoma kolembedwa CC BY-NC, osazindikira kuti NC akutanthauza kuti usapangire malonda. Gemu yanga ndi yaulere inde, koma muli zotsatsa za AdMob, njira ya Google yoikira zotsatsa malonda m'mapulogalamu a pa foni, ndiye ndalama ikulowa ndithu. Ndinakachotsa ndisanaitumize ku Google Play.

Mapeto ake mnzanga woimba kiyibodi kutchalitchi wandipekera masekondi 40 omangobwereza, kuphatikizapo kaphokoso ka nkhomo zikamagwera m'maenje, komwe tinajambula ndi bawo lenileni pakhonde. Tinasainirana pepala: nyimbo ndi yake, ine ndiigwiritse ntchito mu gemu yokhayi, dzina lake lioneke.